Manda Achinayi a Bambo Haralampi

Uthenga unamupeza Todora ali ku Italy, akusambitsa gogo amene ankamusamalira. Woimba foni anali a Gencho, nkhalamba ya kumudzi kwawo ku Bulgaria, ndipo sanazungulire.

"Todora, bambo ako atisiya. Tawapeza m'mawa uno atatsamira mpanda wa a Dona, buledi ali m'manja. Ukamabwera uvale nsapato zolimba."

Todora anamaliza kumusambitsa gogoyo, n'kumupukuta, n'kumuveka. Kenaka anakapempha sabata imodzi kwa mwana wa gogoyo, yemwe anali bwana wake. Anamupatsa masiku asanu ndi limodzi.

Awiri mwa masikuwo anathera m'basi. Kuchokera m'tauni, thirakitala ya odula mitengo inamusiya pamlatho, ndipo makilomita anayi otsalawo anayenda pansi, chipale chofewa chikumulekeza m'maondo. Asanalowe m'mudzi chinayambanso kugwa, n'kufufuta ngakhale mapazi ake omwe. Anali mayi wa zaka makumi asanu ndi zisanu ndi ziwiri, wa msana wowawa chifukwa chonyamula nkhalamba za eni.

Mudzi wa Dolna Yasika, pa ubwana wake, unali ndi sukulu, chigayo ndi anthu oposa mazana asanu ndi atatu. Tsiku limenelo utsi unkafuka m'nyumba zisanu zokha. Munatsala anthu asanu ndi awiri, ndipo wamng'ono pa onsewo anali a Dona, a zaka makumi asanu ndi awiri ndi chimodzi.

Bambo ake, wansembe Haralampi, anawapeza atagonekedwa patebulo m'chipinda chopanda moto, atavekedwa zovala zawo za paguwa. Ndevu zinali zopesedwa bwino. Anali atachepa ngati mwana. Todora anagwira dzanja lawo, lozizira ngati mwala wa kumtsinje, n'kuona kuti m'zikhatho munali zikanga zokhakhala.

"Wawaveka ndani?" anafunsa.

"A Gencho," anayankha a Dona. "Ndani winanso? Amuna ena awiriwo, wina saona, wina sadzuka. Munthu amene sanapondepo m'tchalitchi ndiye waveka wansembe. Ndinachita kuima pakhomo n'kumamuuza chomwe chimayamba."

"Munandiuza zolakwika kawiri," anatero a Gencho ali m'chipinda chinacho pafupi ndi mbaula, akuotha manja. Anali munthu wamtali, wopindika msana, wa zaka makumi asanu ndi awiri ndi zisanu ndi ziwiri. Kale, nthawi ya chipani chimodzi chodana ndi chipembedzo, anali mlembi wa chipani m'mudzimo.

Foni inkagwira pamalo amodzi okha, pamwamba pa manda, pansi pa mtengo waukulu. Todora anakwera kumeneko kukaimbira bambo Metodi, wansembe wa m'tauni amene ankayang'anira midzi khumi ndi umodzi.

"Mayi, ndikanakhala ndi mapiko ndikanabwera," anatero bambo Metodi ndi mawu otopa. "Anali ngati bambo anga. Koma msewu watsekeka, ndipo akuti galimoto yokankha chipale ifika kwanuko pakapita masiku asanu, mwina sabata. Asungeni m'tchalitchi, kukuzizira, sawonongeka."

Atawauza zimenezi, a Gencho anapukusa mutu.

"M'tchalitchi muli makoswe, ndipo chaka chino ali ndi njala. Adya kale makandulo onse. Muno namonso akubwera, dzulo ndathamangitsa awiri pansi pa tebulopo. Tiwaike mawa, kapena mkuja."

"Ndiye adzukulu tiwapeza kuti?"

A Gencho ndi a Dona anayang'anana.

"Sankakuuza?" anafunsa a Dona. "Mdzukulu wa mudzi uno anali iwowa."

Todora ankaimbira bambo ake Lamulungu lililonse, ndipo iwo ankamuuza za njuchi zawo, za denga la tchalitchi, n'kumufunsa ngati akudya mokwanira. Za manda sanatchulepo. Tsopano anamva kuti kwa zaka zisanu ndi chimodzi, chichokereni mnyamata womaliza m'mudzimo, nyengo yokolola ikamatha bamboyo ankatenga piki ndi fosholo n'kupita kumanda. Ankadziwa kuti chisanu chikafika nthaka imauma gwa ngati chitsulo, ndipo nkhalamba zimakonda kufa nthawi yomweyo. Choncho ankakumbiratu maenje atatu, pang'onopang'ono, dzenje limodzi milungu iwiri, n'kuwaphimba ndi matabwa. A Gencho ankawathandiza.

"Ankati ndi nkhuni za m'chisanu," anatero a Gencho. "Zaka zina linkatsalako limodzi. Chaka chino atatu onse adzaza Khrisimasi isanafike. Ndinawauza ine kuti tikumbe anayi. Akuti, Gencho, usamuchulukitsire Mulungu ntchito."

M'mawa mwake anakokera kumanda nkhuni za bamboyo pachileyi, pamodzi ndi matayala akale anayi amene a Gencho anali nawo kuseri kwa khola. Anakolopa chipale pambali pa manda a amayi a Todora, n'kusonkha moto pamenepo kuti nthaka ifewe. Utsi wakuda bii unakwera mowongoka, fungo lake loipa likulowa mpaka m'kamwa. Panalibe chochita koma kudikira. A Gencho anabwerera kukakhoma bokosi ndi matabwa omwe aja ophimbira maenje, ndipo Todora anatsala yekha akusonkhezera.

Pamwala wa amayi ake zilembo zinali zitafufutika, koma ankazidziwa. A Yordanka anamwalira ndi chibayo Todora ali ndi zaka zisanu ndi chimodzi, mlongo wake Lyuben ali ndi ziwiri. Wansembe wa mpingo wawo amakwatira kamodzi kokha, mkazi akamwalira sakwatiranso. Achibale anabwera ndi nzeru ziwiri. Ena anati avule mkanjo, apeze mkazi woti alere anawo, ndipo a chipani akanasangalala n'kuwapatsa ntchito ya muofesi. Ena anati anawo apite kwa azakhali awo kutauni. Bambo Haralampi, omwe anali ndi zaka makumi atatu ndi zinayi, anakana zonse ziwiri.

Mkati mwa sabata ankagwira ntchito kukhola la nkhosa za boma, Lyuben atamumangirira kumsana ndi shawelo ya malemu, amuna anzawo akuwaseka. Anaphunzira kukanda buledi, ndipo mikate yoyamba inali yoti ukhoza kugendera galu. Tsitsi la Todora linawavuta kwambiri. Sabata yoyamba ankapita kusukulu ngati wagwa mumtengo. Tsiku lina anawapeza m'nsanja ya belu, atamasula nsonga ya chingwe cha belu kukhala nyote zitatu, akuluka n'kumasula, akuluka n'kumasula, lilime lili kunja. Kuyambira pamenepo malukidwe ake anali olimba kuposa a mtsikana aliyense m'kalasi, olimba mpaka mutu kuwawa. Sanawauzepo kuti zinkawawa.

Moto utakolera bwino, anakwera pansi pa mtengo uja n'kuimbira Lyuben ku Germany. Anali atamutumizira uthenga ali m'basi, koma sanayankhe.

"Ndauona uthenga wanu, achemwali," anatero Lyuben asanapereke n'komwe moni.

"Ndiye?"

"Ndiye chiyani? Mwanena nokha kuti msewu watsekeka."

"Sindinakuuze za msewu ine. Wangodziwa kuti ukufuna utatsekeka."

Todora ankamva wailesi ikulankhula chapatali m'chinenero cha eni.

"Ndikuwakumbira ndekha manda, Lyuben. Ine ndi a Gencho."

"Gencho." Anaseka kamodzi, kuseka kopanda chimwemwe. "Zakhala bwino. Awiriwo anagwirizana kale pa za ine, agwirizanenso pamenepo."

Lyuben anali mwana wanzeru pa masamu, ndipo ankafuna kukaphunzira zomanga milatho. Koma kalata yochokera kumudzi inati ndi mwana wa wansembe, wa banja losadalirika. Sukulu inamukana. Ku usilikali sanamupatse mfuti, anamuika m'gulu la okumba ndi kunyamula, lomwe ankaponyako ana a anthu otere. Chaka chachiwiri, ali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi, ngolo yodzaza miyala inamuponda dzanja lamanja panjanji, ndipo kuchipatala analidula pamkono. Bambo Haralampi anayenda masiku awiri kukafika kuchipatalako. Anakhalako masiku khumi ndi asanu ndi anayi, akugona pabenchi ya pasiteshoni ya sitima, m'mawa uliwonse n'kubwera ndi msuzi m'kabotolo. Todora analipo tsiku limene Lyuben anakankha supuni n'kunena kuti, "Munkafuna chopereka nsembe, ababa. Mwachipeza." Bamboyo anatola supuni ija pansi, n'kuipukuta pamkanjo, n'kutunganso msuzi. Chipani chija chitagwa, malire atatseguka, Lyuben anachoka, osabweranso. Bamboyo ankamulembera kalata mwezi uliwonse kwa zaka makumi awiri.

"Makalata awo unkawerenga?" anafunsa Todora.

"Ena."

"Ankati chiyani?"

"Za njuchi. Za amene wamwalira. Kuti ndizivala mpango pakhosi." Anapumira m'mwamba. "Sanapepesepo, achemwali. Ngakhale kamodzi."

"Akanapepesa chiyani? Kuti anali wansembe?"

"Kuti anasankha. Akanavula mkanjo uja chaka chimodzi chokha, ine ndikanakhala ndi manja awiri. Inu munakhululuka chifukwa inu sanakuduleni kanthu."

Todora anayang'ana manja ake, akuda ndi utsi wa matayala. Nayenso sukulu ya unamwino inamukana chifukwa cha kalata yofanana, ndipo anathera zaka makumi awiri m'fakitale yosoka asanayambe kuchapa matewera a nkhalamba kudziko la eni. Koma sanafune kupikisana naye pa zimenezo.

"Pali mawu oti ndiwanenere pamanda?"

"Ayi," anatero Lyuben. Kenaka anawonjeza, "Muvale magolovesi pokumbapo." Ndipo anadula.

Masana anakankhira phulusa pambali n'kuyamba kukumba. Pamwamba panali matope otentha, koma atangotsika chikhatho chimodzi piki inayamba kudumpha ngati ikumenya mwala. Anasonkhanso moto m'kadzenjeko, n'kudikira, n'kukumbanso. Ankasinthana: a Gencho piki kakhumi, n'kukhala pansi akutsokomola, Todora piki ndi fosholo mpaka maso kuchita mdima. A Dona anabwera ndi mbatata zowotcha ndi kabotolo ka rakiya, kachasu wa kumeneko.

"Taonani mlembi wa chipani," anatero a Dona. "Kale ankatiuza kuti ntchito imalemekeza munthu, iye ali pamthunzi ndi kabuku."

"Inu munkagona m'munda wa chimanga, ndinkangokusiyani chifukwa cha chisoni."

"Chisoni inu? Munkaopa amuna anga."

A Dona atabwerera, Todora anafunsa ali m'dzenje, osayang'ana m'mwamba.

"Kalata ya Lyuben ija munalemba ndinu."

"Ndine. Ndi yako yomwe."

"Basi? Mungoti ndine?"

"Ukufuna ndiname? Ndinalemba zomwe ndinkakhulupirira. Ndinkati zaka khumi zikubwerazi matchalitchi onse adzakhala nkhokwe za tirigu, ndipo bambo ako ndi munthu wouma mutu amene akuwononga ana ake. Ndinawauza pamaso. Za dzanja lija sindinazifune, koma kalata ndi yanga."

"Anakukhululukirani?"

"Sindinawapemphe. Sitinaikambepo nkhaniyo." A Gencho anamwa rakiya pang'ono n'kupukuta pakamwa. "Chaka choyamba ndinawaona akukumba okha, akugwa n'kudzuka. Ndinangotenga fosholo yanga n'kubwera. Anandiyang'ana n'kunena kuti, wachedwa, yambira uko. Tinkakangana tsiku lonse. Ankati, ako manda, Gencho, ndidzakumba ozama kwambiri kuti lipenga likadzalira usadzalimve, ungadzachite manyazi."

Todora sanaseke. Anamenya piki mwamphamvu, ndipo thuza la m'chikhatho linaphulika m'golovesi.

Tsikulo anafika m'maondo. Tsiku lotsatira, nthaka ya pansi inali yofewerapo, ndipo dzuwa lisanafike pamutu dzenje linamulekeza m'chiuno. Apo fosholo inaboola khoma la mbali ya amayi ake, dothi n'kugumukira mkati. Munatuluka thabwa lofumbwa lakuda, ndi kafupa kakang'ono kofiirira. Todora anaima chilili. Amayi ake ankangowakumbukira fungo la sopo ndi chifuwa chawo usiku, basi. Anavula golovesi, n'kutola kafupako, n'kukabwezera m'bowo muja, n'kutsekapo ndi dothi ndi dzanja.

"Pakwana," anatero a Gencho ali pamwamba. Milomo yawo inali itachita bii. "Si pozama, koma pakwana. Tidzaikapo miyala chifukwa cha ankhandwe."

Bokosi analikokera pachileyi, Todora kutsogolo ndi chingwe paphewa, a Gencho akukankha kumbuyo. A Dona anapita kukaliza belu, koma chingwe chinali chitaundana ndipo belulo linangolira kamodzi. Pa anthu asanu ndi awiri a m'mudzimo anafika kumanda anayi. Ena awiri anali amayi achikulire kwambiri, atagwirana mikono, wina atanyamula mbale ya tirigu wowiritsa, monga mwa mwambo wa maliro.

Bambo Metodi anali atalonjeza kuwerenga mapemphero pafoni. Todora anaima pansi pa mtengo, mtunda wa mayadi makumi awiri kuchokera padzenje, n'kukweza foni m'mwamba. Mawu a wansembeyo anamveka aang'ono ngati a udzudzu. Sanathe ngakhale pemphero loyamba, foni inazima ndi kuzizira. Anaiika m'khwapa, anaipumira mpweya, koma sinayakenso.

Anatsika n'kutenga buku la mapemphero la bambo ake lomwe a Dona anali atanyamula.

"Iyayi, mwana wanga," anatero a Dona motsitsa mawu. "Mawu a wansembe sanenedwa ndi munthu wamkazi. Iwo omwe sakanalola."

"Ndikudziwa."

Buku sankalifuna n'komwe. Ali ndi zaka zisanu ndi ziwiri, anthu atasiya kubwera kutchalitchi poopa kulembedwa maina, woyimba wa mpingo nayenso anasiya. Mapemphero awo ndi oyankhizana, wansembe amanena, woyimba n'kuyankha. Bamboyo anamuimika Todora pakampando kuti afikire buku, ndipo Lamulungu lililonse ankapemphera awiriwiri m'tchalitchi chopanda anthu, Lyuben akugona pamulu wa makoti. Aphunzitsi atamva, anamuimika kutsogolo kwa kalasi kuti auze anzake mtambo umene Mulungu amakhalamo. Anabwera kunyumba akulira n'kunena kuti sadzayimbanso. Bambo ake anamupukuta mamina n'kunena kuti, "Palibe kanthu, mwana wanga. Ndizidziyankha ndekha." Ndipo anachitadi zomwezo, mawu aakulu a wansembe, kenaka mawu aang'ono a woyimba, iye akumvera panja pazenera. Lamulungu lachinayi anakwera yekha pakampando kaja. Sanamufunse chilichonse.

Tsopano, pamphepete pa dzenje, anayimba mbali yake yokha. Pofika pamene wansembe amayenera kunena, ankakhala chete kwa nthawi yonse imene mawuwo akanatenga, kenaka n'kuyankha, "Ambuye, chitani chifundo." Amayi aja anayamba kumutsatira ndi mawu onjenjemera. M'mipata ya chete ija munkangomveka mphepo ndi chifuwa cha a Gencho, omwe anaima patali pang'ono, chipewa chili m'manja. Zinatenga pafupifupi theka la ola. Todora sanalire, nkhope inali itachita dzanzi.

Potsitsa bokosi m'pamene zinavuta. Zingwe zinali ziwiri, ndipo anthu amphamvu anali mmodzi ndi theka. Todora anagwira cha kumutu, a Gencho ndi a Dona cha kumiyendo. Bokosi litangochoka pamphepete, chingwe chinapulumuka m'manja mwa Todora, momwe munali magazi ndi madzi a matuza. Mbali ya kumutu inagwa pansi ndi mdidi, ndipo onse anamva thupi likusuntha mkatimo n'kugunda thabwa. Mayi wina anadzilemba chizindikiro cha mtanda.

Todora anatsetserekera m'dzenjemo. Munalibe malo oima, anachita kuponda pabokosi. Anayesa kuliwongola, koma linali litapanikizika chopendekeka pakati pa makoma. Anagwada pamwamba pake, n'kuika chipumi pathabwa, ndipo apo m'pamene kulira kunabwera, koipa, kwa mawu okhakhala ngati a nyama.

"Pepani, ababa," ankatero. "Pepani, manja anga."

Anamusiya alire. Patapita nthawi a Gencho anagwada movutikira n'kumutambasulira dzanja.

"Tuluka, Todora. Sanali munthu wodandaula za pogona. Dzuwa likupita."

Anathira vinyo ndi mafuta pabokosi, aliyense n'kuponya dothi lake. Kukwirira anakwirira yekha, chifukwa a Gencho sankathanso kuimirira. Anasanja miyala pamwamba. Anadya tirigu uja ataimirira, supuni imodzi ikuzungulira onse, kenaka anawakokera a Gencho kunyumba kwawo pachileyi chomwe chija, iwo akutukwana njira yonse kuti si mtembo.

M'mawa mwake anatseka nyumba ya bambo ake, n'kupereka makiyi a nyumba ndi a tchalitchi kwa a Dona. Anatenga chipeso cha bambo ake ndi botolo limodzi la uchi. Anakawatsanzika a Gencho, n'kuwapeza ali chigonere, thupi likutentha. Anawasonkhera moto, n'kuwaikira madzi pafupi.

"Pita, basi ingakusiye," anatero. "Ukamuuze mlongo wako kuti kalata ija ndinalemba ndine, osati bambo ake. Akufuna wodana naye, ndilipo."

Anayenda pansi mpaka kumsewu waukulu, maola asanu. Ku Italy anafika atachedwa ndi masiku awiri, ndipo bwana wake sanamulankhule bwino sabata yonse. Mawu a a Gencho anamutumizira Lyuben pafoni. Sanayankhe.

A Gencho anamwalira patapita masiku asanu ndi anayi, tsiku lomwe galimoto yokankha chipale inafika m'mudzi. Popeza panalibe wokumba, anawatengera kutauni, ndipo anaikidwa ndi a khonsolo kumanda a kumeneko, popanda aliyense wa ku Dolna Yasika. Todora anamva zimenezi kwa a Dona, omwe ankakwera kumtengo kuja kamodzi pamwezi kukamuimbira.

Mu Epulo anaimbanso. Anati chipale chasungunuka, bambo Metodi anabwera n'kuwerenga mapemphero onse pamandapo, kuyambira poyamba mpaka pomaliza, ndipo analira. Anati dothi latitimira mbali imodzi, pakufunika munthu wamphamvu woti adzathirepo lina. Anatinso mwana wawo akubwera kudzawatenga kuti akakhale naye mumzinda, ndipo sakudziwa kuti makiyi asiyire ndani.

"Ubwera liti, mwana wanga?"

"Mwina mu Ogasiti, mayi."

Mu Ogasiti gogo wa ku Italy uja anadwala kwambiri, ndipo Todora sanapatsidwe tchuthi.